Chotupa cha pachibwano

Tikamva dzina loti lymphoma timayesa ndi nthenda imodzi. Ayi ndithu. Ndi khansa zamitundumitundu zoyambira m'maselo oteteza thupi, ndipo dera lililonse lili ndi mtundu wake wochuluka. Ku Ulaya ndi ku America ya follicular, yokula mwakachetechete mwa akuluakulu, ndi yofala. Kuno sitiionaona. Yathu ndi Burkitt, yogwira ana pachibwano kapena m'mimba, ndipo siyichedwa: mayi amangoona tsaya la mwana likufufuma m'masiku owerengeka.

Dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Kampala. Mu 1961 anayenda pagalimoto chipatala ndi chipatala, mpaka anadutsa muno mu Nyasaland, ndipo anapeza kuti imakonda madera otentha ndi amvula, komwe malungo anamanga nthenje. Kachilombo ka Epstein-Barr kalinso m'nkhaniyi. Kwa akuluakulu, HIV inachulukitsa mitundu ina yolusa.

Chimandiwawa n'chakuti timayamba ndi "ndi dzino limenelo", kenako "amulodza", masabata n'kumapita. Chonsecho kwa ana ambiri ofika msanga ku chipatala cha Queens kapena cha Central, chotupacho chimaphwa ndi mankhwala.