Dzira litakanirira mwa bakha wathu

Kumudzi, bakha akayamba kudwala amathera mumphika. Koma kuno ku Leeds ana anamupatsa dzina wathuyu, ndiye za mpeni sizikambidwa n'komwe.

Lachiwiri m'mawa anangoti khuma pakona, mchira uli pansi, chakudya osachifuna. Ankalimbana kuti aikire koma dzira osatuluka. Nditamugwira kumunsi kwa mimba ndinalimva gwa. Ndinamukhazika m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 20, n'kupaka timafuta potulukira dzira. Osafinya ayi, likaswekera m'kati bakha angathe kufa. Kenako m'katoni, pamdima. Likanapanda kutuluka tsiku lomwelo, tikanathamangira kwa dokotala wa ziweto.

Chakumasana mwana wanga anakuwa: "Amayi, waikira!"

Pano m'khola simusowa zigoba za oyisitala zoperapera, kuti kashiamu asamawachepere m'thupi.