Chimbudzi Chikadzaza, Zimapita Kuti?

Tikamafuna nyumba ya lenti m'komboni, mafunso athu timawadziwa pamtima. Ndi zingati pamwezi? Mita ya malaiti ndi yathu tokha kapena yogawana? Madzi titunga kuti? Basi ya m'tauni tikwerera pati? Za chimbudzi timangoona ngati chili ndi chitseko ndi loko, basi. Funso lomwe silimveka ndi ili: chikadzaza, zimapita kuti? Koma mu Lusaka funso limeneli ndi la moyo ndi imfa.

Anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a mumzinda uno timakhala m'makomboni, ndipo ambirife mapaipi a suweji sanatifike. Timadalira dzenje. Kumudzi dzenje likadzaza munthu amalikwirira n'kukumba lina kuseri kwa nthochi. Kuno puloti imodzi imasunga mabanja angapo, ndipo paliponse pomwe panali mpata mwininyumba anamangapo kale kachipinda ka lenti. Dzenje lina mukumba pati?

Vuto lalikulu lili pansi pa mapazi athu. Ku Kanyama, John Laing, Chibolya ndi Misisi nyumba zinakhala pamwala wa laimu, womwe uja amayi amaphwanya m'mbali mwa msewu. Mwalawu uli ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi amathamanga m'menemo osasefedwa. Mvula ikagwa, madzi a pansi amakwera mpaka kufika pakhomo. Pamenepo dzenje la chimbudzi ndi chitsime cha pafupi zimamwa madzi amodzi. Tinene mosabisa: matuvi omwe tinaganiza kuti tabisa amabwerera m'chigubu.

Zotsatira zake tinaziona. Kolera inabuka mu Okutobala 2017, ndipo pofika Januwale 2018 National Heroes Stadium, pomwe timakachemerera Chipolopolo, panasanduka chipatala. Mu Okutobala 2023 inabweranso mwamphamvu kuposa kale. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 anamwalira, ndipo ana anakhala panyumba mpaka Febuluwale 2024 kudikira kuti masukulu atsegulidwe. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ngati pansi sipangasunge nyansi zathu, ndiye kuti nyansizo zizikhala pamwamba kapena zizichoka. Njira ziwiri zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo ndi bwino tizidziwe bwinobwino.

Yoyamba ndi chimbudzi chopanga manyowa. Chimamangidwa pamwamba pa nthaka, chokwera ndi masitepe, ndipo pansi pake pamakhala zipinda ziwiri zomata simenti. Mkodzo umapita paokha kudzera pakabowo ka kutsogolo, chifukwa fungo loipa lija limabwera zinthu ziwirizi zikasakanikirana. Munthu akatha amathira phulusa, ndipo phulusa la m'mbaula silisowa pakhomo pathu. Chipinda chimodzi chikadzaza amachitseka kwa miyezi 6 mpaka chaka, banja likugwiritsa ntchito chinacho. Akatsegula amapeza zouma ngati dothi. Peter Morgan, yemwe anapanga chimbudzi cha Blair ku Zimbabwe, anafalitsanso china chosavuta chotchedwa Arborloo: dzenje losazama lomwe likadzaza mumabzalapo mtengo n'kusuntha kanyumba. Chimenecho n'chabwino kwa agogo ku Katete, osati papuloti yopanikizana ya mu Chawama.

Ngakhale cha zipinda ziwiri chija chimafuna mwini. Chimayenda bwino pomwe pali banja limodzi lomvana. Pomwe anthu ambiri amagawana chimbudzi chimodzi, wina athiramo madzi ochapira, wina aiwala phulusa, mlendo wausiku sadziwa kabowo kolondola, ndipo pakangopita masabata ochepa palibe yemwe angalowemo. Funso lina n'lakuti manyowawo apita kwa ndani, popeza ambirife dimba lathu ndi thumba limodzi la anyezi pakhonde.

Njira yachiwiri ndi biogas. Amamanga thanki ya njerwa yozungulira ngati mphika wovundikira, yomata bwino kuti mpweya usalowe ndiponso madzi asadonthe. M'katimo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya nyansi n'kutulutsa gasi yomwe mbali yake yaikulu ndi methane. Gasiyo imayenda m'paipi mpaka pachitofu, ndipo imayaka moto wabuluu wopanda utsi. Amene tinapirira chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti akumazima pafupifupi tsiku lonse, thumba la malasha likukwera mtengo, nkhaniyi imatikoka mtima. Ndani angakane kuphika nsima ndi moto wochokera ku zomwe amataya?

Tisanyengane, komabe. Zomwe munthu mmodzi amatulutsa patsiku zimapereka gasi yoyaka mphindi zochepa chabe. Chimbudzi cha banja limodzi sichingapsetse nyemba. Biogas imafuna khamu, kapena ndowe za ng'ombe ndi nkhumba, kapena zotsala za kukhitchini zambiri. N'chifukwa chake ku Rwanda inagwira bwino m'ndende, komwe anthu masauzande amakhala pamodzi ndipo gasiyo inachepetsa nkhuni zophikira. Kwa ife malo ake ndi masukulu ogonera komweko, misika ndi masiteshoni a mabasi. Ndiponso matope otuluka m'thanki amakhala adakali ndi mazira a njoka za m'mimba, choncho ayenera kuumitsidwa kaye asanafike m'munda.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Mu 2013 Kanyama Water Trust, mothandizana ndi kampani ya madzi ya Lusaka ndi bungwe la WSUP, inayamba ntchito yochotsa nyansi m'zimbudzi. Anyamata ovala magolovesi ndi magambutsi ankatapa ndi zida za mipini yaitali, n'kuthira m'madilamu a malita 60. Madilamuwo ankapita kumalo komwe kunali thanki ya biogas, ndipo matope otsala ankaumitsidwa padzuwa kuti akhale manyowa. Ku Chazanga nakonso anayamba chimodzimodzi. Nzeru yake ndi yakuti nyansi za mapuloti ambiri zikakumana pamalo amodzi, khamu lomwe biogas imafuna lija lapezeka.

Mdani wamkulu wa ntchito imeneyi ndi zinyalala. M'maenje mumatuluka matewera a ana, mabotolo, mapulasitiki, nsanza, ngakhale nsapato. Tizilombo tija sitidya pulasitiki. Zinthuzi zimadzazitsa dzenje msanga, zimavutitsa otapa, ndipo zimatseka thanki. Mdani wachiwiri ndi njira yotchipa ya usiku: kulipira munthu kuti akumbe pambali n'kukwirira pomwepo, kapena kudikira madzi osefukira kuti atenge zonse. Ndalama yomwe yasungidwa usiku umenewo imakalipidwa ndi mwana wa neba kuchipatala.

Mbali yathu si yovuta kuiona. Tisanapereke lenti yoyamba, tifunse kuti chimbudzi chinatapidwa liti ndipo anatapa ndani. Mwininyumba mmodzi akafunsidwa angaseke, koma ofuna nyumba khumi akafunsa chimodzimodzi adzayamba kuganiza. Papuloti tigwirizane kusonkha mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, kuti otapa ovomerezeka abwere. M'chimbudzi muikidwe ndowa ya zinyalala yokhala ndi chivundikiro. Amene tinaphunzira zomanga ndi za mapaipi koma tikusowa ntchito, tidziwe kuti thanki yosatulutsa gasi ndi chipinda chosadontha zimafuna manja aluso, ndipo mzindawu uli ndi zimbudzi zosawerengeka zofuna kumangidwanso.

Chomaliza ndi ulemu. Anyamata otapa aja akamadutsa ndi madilamu, ena amatseka mphuno n'kuwatchula maina achipongwe. Koma dilamu iliyonse yomwe achotsa m'komboni ndi malita 60 omwe sadzalowa m'chitsime mu Januwale. Akafika pakhomo pathu tiwapatse moni, tiwatungire madzi osamba m'manja ndi sopo, ndipo tiwalipire ndalama yonse yomwe tinagwirizana.