Ulendo wa ku Chiponde ndi Kamera ya M'thumba

Mseu wa ku Chiponde umachokera pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Umaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, nukwera mapiri mokhotakhota kufikira ku Namwera. Patsogolo pake pali chipata cha malire, ndipo kuseri kwake ndi Mandimba, m'dziko la Mozambique. Ndinayenda mseu umenewu kukaona azakhali anga okalamba, amene analibe chithunzithunzi ngakhale chimodzi chosiyira adzukulu.

Ndisananyamuke, mnzanga wina wojambula anandionetsa makamera awiri, nati ndibwereke imodzi. Yoyamba inali Leica M9, imene inatuluka m'chaka cha 2009. Diso lake la m'kati ndi lalikulu ngati filimu yakale ija, mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, kotero limalandira kuwala kochuluka. Koma imafuna luso: munthu amasuzumira pakazenera, napotoza lenzi kufikira zithunzi ziwiri zimene akuona zitasanduka chimodzi. Yachiwiri inali ya m'thumba, ya diso laling'ono, imene imadzikonzera zonse yokha.

Mtima unakhumba yaikuluyo. Koma ndinakumbukira fumbi, kuthinana kwa m'minibasi, maso anga ofooka, ndi mtengo wake umene sindikadatha kubweza ikadaonongeka. Ndinatenga yaing'ono.

Azakhali ndinawapeza ali gone m'nyumba. Ndinayesa kuwajambula momwemo, koma mdima unapambana kakamera kanga. Nkhope inatuluka ngati ya munthu wa m'nkhungu. Apo ndinadandaula kuti ndinasankha molakwa.

“Mwana wa alongo anga,” anatero, “kodi adzukulu adzandikumbukire ndili pamphasa ngati wodwala? Ndidikireni.”

Anasamba, navala chitenje chawo cha paukwati ndi duku, natuluka pang'onopang'ono ndi ndodo. Anakhala pakhonde dzuwa litapendeka, mapiri ali kumbuyo kwao. Pakuwala kotero kamera yaing'ono sisowa kanthu. Ndinadina kamodzi kokha, iwo akuseka.

Ndikadatenga yaikulu ija, mwina ndikadawajambula ali chigonere, ine nkumati ndachita bwino. Kuperewera kwa kamera yanga ndiko kunawapatsa mpata wosankha okha maonekedwe ao.

Azakhali anatisiya mvula yotsatira isanathe. Lero chithunzithunzi chija chili pakhoma m'nyumba zinayi za pabanja pathu. Inu amene muli ndi okalamba kumudzi, musayembekeze kamera yabwino koposa. Nyamulani imene muli nayo, muwapemphe chilolezo, ndipo muwalole akonzeke.