NDEKHA PA SITIMA YA ILALA



M'mwezi wa Julayi chaka cha 2016, chemwali anga anabwera kwathu ku Mangochi ali ndi nkhope yakugwa. Mwana wao wamwamuna, yemwe anasiya madrasa ndi sukulu yomwe natsatira asodzi a usipa, anali atatha miyezi isanu ndi iwiri osamveka. Wina anati anamuona ku Likoma. Ine monga malume wake, nkhaniyo inali yanga. Ndinafunsa anthu atatu kuti tipitire limodzi, koma aliyense anali ndi chifukwa chake, ndipo za ndalama ya tikiti ya anthu awiri sindinenako. Choncho ndinanyamuka ndekha.

Ndisanapite ndinakaonana ndi Shehe wa pa mzikiti wathu. Iwo sanabise kuti Mtumiki wathu Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu zikhale pa iye) sanakondwere ndi munthu woyenda yekha, makamaka usiku, ndipo anaphunzitsa kuti anthu akakhala atatu pa ulendo asankhe mmodzi wowatsogolera. Koma anati pamene pali chifukwa chenicheni, ndipo njira yake ndi yoyendamo anthu ambiri, palibe choletsa. Anandikumbutsanso kuti ulendo ukapitirira makilomita pafupifupi 80, Swala za raka zinayi timaswali ziwiri, ndipo tikhoza kuphatikiza Zuhri ndi Asri, komanso Maghribi ndi Isha.

Nthawi imeneyo Ilala inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Posafuna kuphonya Juma, ndinakwera basi Lachinayi kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, kuti ndikaidikire kumeneko. Apa ndi pamene ndinaona kukoma koyamba kwa kuyenda wekha. Panalibe wondifulumizitsa. Nditaswali Juma ndinayenda pang'onopang'ono m'tauni yakale ija, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840 atachokera ku gombe la nyanja yamchere. Ndinaima pansi pa mtengo umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863. Chisilamu chinazika mizu pamalo amenewa, komanso pa doko lomweli anthu ambiri anaolotsedwa m'zombo kukagulitsidwa ukapolo. Zinthu ziwirizi ndinaziganizira nthawi yaitali. Ndikanakhala ndi anzanga, bwenzi tikukamba za mitengo ya nsomba.

Sitima inafika usiku. Inaponya nangula patali ndi gombe, ndipo tinkapita kukakwera pa maboti ang'onoang'ono. Munthu umayamba walowa m'madzi mpaka m'maondo, katundu ali pamutu, kuli mdima, aliyense akukankha. Amene anali awiri ankalandizana zikwama. Ine ndinaluma tikiti m'kamwa, nsapato m'khosi, chikwama pamutu, ndipo pokwera makwerero a sitima panalibe dzanja lodziwika londikoka. Mphepo ya mwera inali itayamba, monga mudziwa kuti Julayi ndi nyengo yake.

Sitima imeneyi ndi nkhalamba. Inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ine ndinali m'kalasi ya pansi, pakati pa matumba a chimanga, madengu, malata ndi njinga. Ndinapeza kamalo, n'kutsamira chikwama changa. Tulo sitinabwere. Ukakhala wekha, ngakhale kupita kuchimbudzi umayamba waganiza kuti katundu umsiyira yani. Chakudya ndinatenga changa, mbatata yophika ndi chambo chootcha, chifukwa nyama ya pa ulendo sudziwa amene anazinga.

Vuto lenileni linadza m'bandakucha. Nthawi ya Fajri inakwana, ndipo ndinafunika kukapanga wuzu ndi kupeza malo oyera. Chikwama munali ndalama za chemwali anga zobwerera anthu awiri. Pafupi nane panali mayi wina wachikulire wa ku Likoma, atavala mtanda m'khosi. Anaona ndikutulutsa mkeka wanga woswalira, nati, "Bambo, pitani mukapemphere, chikwamacho ndichigonera ine." Ndinazengereza, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga unamuganizira zoipa. Koma ndinapita. Kuchokera kwathu kuno Kibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, tsono poti sitima inkalowera chakumpoto, sindinavutike kwambiri. Chovuta chinali kuima. Mafunde ankaitukula sitima ndi kuigwetsa, mwakuti raka yachiwiri ndinaimaliza nditakhala pansi. Pobwerera ndinapeza mayi uja atakhaliradi chikwama changa, akusenda chinangwa, ndipo anandigawirako.

Tinacheza mpaka dzuwa kukwera. Nditamuuza za mwana amene ndinkamufuna, anandilongosolera gombe limene asodzi ochokera kumwera amakonda kumangako misasa. Ndikhulupirira kuti tikanakhala gulu la amuna anayi ovala zikofiya, tikuyankhula Chiyao pa tokha, mayiyu sakanatiyandikira, ndipo ifenso sitikanamufuna.

Masana, mayi uja atagona, kusungulumwa kunandigwira. Kumadzulo mtunda sunkaoneka, patali utsi wa nkhungu unkakwera kuchokera m'madzi, ndipo panalibe womuuza kuti taonani. Ndinakumbuka Ibn Battuta, Msilamu wa ku Morocco amene anachoka kwao ku Tangier mu 1325 ali ndi zaka 21, yekhayekha, kupita ku Hajj. Atafika ku Tunis anaona anzake a m'njira akulandiridwa ndi abale ao pamene iye panalibe womupatsa Salaam, ndipo analira. Munthu yemweyo anadzayenda zaka zoposa makumi awiri, ndipo pa maulendo akewo anafikanso ku Kilwa, mzinda wa pa gombe lomwe makolo athu a Chiyao ankapitako ndi minyanga patapita zaka mazana. Ine ulendo wa tsiku limodzi lokha unandikwana.

Tinafika ku Likoma Loweruka. Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale chili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique, ndipo ndi chodzala ndi milambe. Anthu ambiri kumeneko ndi a mpingo wa Anglican, ndipo tchalitchi chao chachikulu cha St Peter, chomwe anayamba kumanga mu 1903, ndi chodabwitsa kuchiona pa kachilumba kotere. Mayi uja anatuma mdzukulu wake kuti andiperekeze, ndipo anakana ndalama imene ndinafuna kumpatsa.

Tinayenda pafupifupi ola lathunthu. Pa gombe panali matandala a usipa ndi anyamata akusoka chilimira. Ndinapereka Salaam mokweza, ndipo mau anayi kapena asanu anayankha. Mmodzi sanayankhe, anangoweramitsa mutu. Anali ataonda, tsitsi litakula.

"Amalume, mwabwera ndi yani?"

"Ndabwera ndekha."

Anayang'ana kumbuyo kwanga ngati sakukhulupirira. Pambuyo pake anandiuza kuti akanaona gulu la akuluakulu a kumudzi akanathawira ku Cobue usiku womwewo, chifukwa cha manyazi. Anali ndi ngongole kwa mwini ukonde, ndipo foni anagulitsa. Tinakhala pa mchenga awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka. Ndalama zobwerera zija theka lake linapita ku ngongoleyo, ndipo zotsalazo zinangokwana matikiti awiri a kalasi ya pansi.

Podikira kuti sitima ibwerere kuchokera kumpoto, tinagona mu msasa wa asodzi. Pa ulendo wobwerera, Fajri itakwana, ndinamudzutsa. Anakapanga wuzu iye poyamba ine ndikusunga chikwama, kenaka tinasinthana.