Switchi ikhale poonekera, koma patali ndi madzi

Ntchito yanga ndi yoika mawaya a magetsi, ndipo kuno ku Karonga ntchito zambiri ndimazipeza pafupi ndi madzi. M'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Chilumba kudzera ku Ngara mpaka ku Kaporo, muli mapampu okweza madzi m'mathanki, magiza, maiwe osambiramo, ndipo mwa apo ndi apo mabafa apanja otenthetsa madzi, aja ambiri amawatcha jakuzi. Paliponse pamene waya akumana ndi madzi ndimachepetsa liwiro.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230. Khungu louma limawatchingako pang'ono, koma lonyowa limawalola kudutsa mosavuta. Munthu akagwidwa, minofu imakungika, dzanja limakana kusiya chomwe lagwira, ndipo ngati ali m'madzi amatha kumira osakuwa n'komwe. Madzi opanda mchere ngati a m'nyanja yathuyi ndiye oopsa kwambiri, chifukwa magetsi amapeza njira yapafupi m'thupi la munthu kusiyana ndi m'madzimo.

Mkangano ndi eni malo umayambira pa switchi yozimitsira zonse. Ambiri amati, “Amisiri, ingoiikani pambali pa bafa pompano, mlendo asamavutike.” Ena amafuna ibisike m'chipinda chosungiramo katundu kuti isaononge maonekedwe a malo. Zonse ziwiri ndimakana. Ikakhala pafupi, munthu ali m'madzi adzatambasula dzanja lonyowa n'kuigwira. Ikabisika, tsiku la ngozi wothandiza adzayamba wafunafuna makiyi mnzake akufa, kapena wina adzayatsa osadziwa kuti mmisiri ali pa pampu. Ku America lamulo limati switchi yotere ionekere kuchokera pa makinawo, ndipo italikire madzi ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Malamulo a ku Britain, komwe kudachokera mapulagi athu a mano atatu, amaika malire okhwima mkati mwa mamita awiri kuchokera m'mbali mwa dziwe. Ine ndimayeza mamita oposa awiri, n'kuimika bokosi losalowa mvula pakhoma kapena pa mzati, pamsinkhu woti wamkulu afikire koma mwana asaseweretse.

Chachiwiri ndi chipangizo chomwe timachitcha earth leakage, cha mamiliampu 30. Bureka wamba amateteza waya kuti asapse. Ichi chimateteza munthu: chimayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo akangosiyana pang'ono chimadula nthawi yomweyo. Chili ndi kabatani koyesera. Ndimaitana wogwira ntchito pamalopo, ndimamuuza adine yekha, amve kulira kwa “thwa!”, ndipo ndimamupempha azitero mwezi uliwonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti chikamadula pafupipafupi ena amachidumphitsa ndi waya. Chikadula chimakhala chikunena kuti penapake madzi alowa, ndiye chofunika n'kufufuza.

Chachitatu ndi nthaka. Mchenga wouma wa kunyanja sulandira bwino magetsi, choncho ndodo ya kopa imayenera kukhomedwa mpaka pachinyontho, n'kuyezedwa ndi chida choyezera, makamaka mu Okutobala kukauma. Zitsulo zonse zozungulira bafa, mapaipi, makwerero ndi thupi la pampu, ndimazilumikiza ndi waya wobiriwira ndi wachikasu. Ndikatsegula mabokosi akale ndimapeza kopa atachita dzimbiri lobiriwira, chisa cha mavu chitamatirira pa zomangira, ndi waya wolumikizidwa ndi tepi atakwiriridwa mumchenga. Mvula yoyamba ikagwa, tepiyo imamwa madzi. Pansi pa nthaka ndimayala chingwe chokutidwa ndi zitsulo, chopanda cholumikizira pakati.

Pali vuto lina la kwathu kuno. Siteshoni yopangira magetsi ya Wovwe, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1995, ndi yaing'ono, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. N'chifukwa chake magetsi amazimazima, ndipo eni malo ambiri ali ndi jenereta kapena sola. Munthu amaona kuti a ESCOM azima, n'kupisa dzanja mu pampu, pamene mabatire akutumizabe moto. Switchi ya pa bafa iyenera kudula mawaya onse, moto uchokere kulikonse, ndipo ikhale ndi pokolekera loko.

Zinthu zimenezi zimakweza mtengo wa ntchito, ndipo pamakhala wina wolonjeza kuichita motchipa. Musanampatse ntchitoyo, mufunseni chiphaso cha MERA, ndipo akamaliza ayeze zonse inu mukuona. Amene adzalowe m'madzimo ndi mlendo kapena mwana wanu, ndipo sadzadziwa momwe mawaya adayendera. Adzangokhulupirira kuti mmisiri adagwira ntchito yake mokwanira.