Matumba 25 a kachewere anathera pa kiyibodi

Abale anzanga a mumsika, nonse mukudziwa kuti ukagulitsa bwino ndalama imayabwa m'thumba. Zinandionekera ine mu June 2018, nyengo imene chisanu cha kuno ku Dedza chimaluma ngati uli nacho ngongole. Ndinali nditagulitsa matumba 25 a kachewere kwa anthu a malole ochokera ku Blantyre, ndipo mayi a kunyumba anali atawerengera kale malata ndi feteleza. Koma ine mtima unali kwina. Ndinkafuna kiyibodi.

Musandiseke msanga. Matendawa ndinawatenga kale, m'ma 1994 muja titangolowa m'matipate, pamene makaseti a ku Balaka ankalira pa benchi iliyonse. Alleluya Band, Paul Banda, ndi mng'ono wake Lucius uja wa Son of a Poor Man, amene anatisiya mu June 2024. Ine chimene chinkandikoka m'nyimbo zimenezo sichinali gitala ayi, koma timalipenga tija ta pa kiyibodi. Ndinagula ka Casio kakang'ono ka mabatire, n'kumaphunzira usiku mpaka oyandikana nawo anandida.

Kwa inu amene simunaigwirepo, kiyibodi imene ndikunenayi azungu amaitcha arranger. Imagawidwa pawiri. Dzanja lamanja limaimba nyimbo, lamanzere limangogwira chord, ndiye kuti makiyi angapo olira pamodzi, basi makinawo n'kukuimbira okha ng'oma, bezi, gitala ndi malipenga motsata chord yomwe wagwirayo. Munthu mmodzi, bandi yonse. N'chifukwa chake eni ukwati amatikonda: mbale ya mpunga imodzi m'malo mwa zisanu ndi imodzi.

Tsono nditangotulutsa mawu akuti ndikufuna kugula, anthu awiri anandigwira ngati okwezetsa minibasi. Woyamba mlamu wanga, amene anakhalako ku Joni n'kubwerako ndi Korg Pa600. Wachiwiri aphunzitsi ena opuma ntchito, otsogolera kwaya kwathu, eni ake a Yamaha PSR-S670. Anthuwa akakumana pa benchi yanga malonda ankaima.

Mlamu amvekere: "Alamu, ng'oma za Korg zimagunda pachifuwa. Mukatsinzina muona ngati pali mnyamata akutuluka thukuta kumbuyoku. Za aphunzitsizi n'zoyera mopitirira, ngati nsima ya ufa wogula m'sitolo."

Aphunzitsi nawo osagonja: "Achimwene, mvetserani gitala ya Yamaha. Mumva mpaka chala chikutsetsereka pa nsambo. Phokoso si nyimbo."

Onse awiri sankanama. Mawu a m'makiyibodi amenewa anachita kujambulidwa ku zida zenizeni n'kusungidwa m'kati, ndipo kampani iliyonse ili ndi kakonzedwe kake. Koma poti ndalama inali yanga, ndinati tiyeni tikaziyese pamalo pomwe ndizikagwirira ntchito. Loweruka lina tinanyamula zonse ziwiri pa njinga mpaka ku holo ya tchalitchi, ya denga la malata lopanda siling'i. Tinabwereka masipika a pa maukwati aja, imodzi yomatidwa kale kawiri, jenereta ikubangula panja.

Ha! Chala chotsetsereka pa nsambo chija chinasowa. Mnyamata wa thukuta uja nayenso sanaoneke. Zonse ziwiri zinangomveka ngati kiyibodi yolira m'nyumba ya malata. Zili ngati kupukuta tomato mmodzimmodzi kenaka n'kumuthira m'thumba la makala. Ndipotu kunena zoona, timalipenga ta ku Balaka tija sitinkamveka ngati malipenga enieni n'pang'ono pomwe, koma sindinamvepo kuti wina anabweza kaseti kwa O.G. Issa pa chifukwa chimenecho. Tinavina mpaka nsapato kutha.

Apa m'pamene ndinawauza kuti nkhawa yanga ine ili ku dzanja lamanzere, ndipo ndinawakumbutsa manyazi amene ndinawaona mu 2003 pa ukwati wina cha ku Bembeke.

Nkhani yake ndi iyi. Makiyibodiwa ali ndi njira ya alesi yogwirira chord ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Pa Casio, ukafuna A minor umagwira A n'kuwonjezera kiyi ina iliyonse ya kumanja kwake. Pa Yamaha lamulo ndi lina: umagwira A pamodzi ndi kiyi yakuda ya kumanzere kwake, ndipo ukawonjezera yoyera ya kumanzere imakupatsa seventh. Ine tsiku limenelo ndinabwereka Yamaha, osafunsa, osayesa, poti ndinkadziona katswiri. Mkwatibwi akulowa, amayi nthungululu zili pakamwa, nyimbo ili mu C. Itafika pofuna A minor, zala zanga zinachita zomwe zinazolowera: A ndi B. Makina anawerenga kuti bwanayu akufuna B7.

Kalanga ine! M'bandi ya anthu, mmodzi akaphonya anzake amamubisa. Koma apa bezi, gitala, malipenga, zonse zinalowera kuthengo nthawi imodzi, mokweza, momvera ine. Ndinabwereza kachiwiri, chimodzimodzi. Ovina kutsogolo kwa mkwatibwi anaima mwendo uli m'mwamba. Ankhoswe a kuchikazi anandiyang'ana diso lomwe sindidzaiwala. Kulakwa kunali kwanga ndekha, ndipo malipiro anga tsikulo anathera pa mpunga ndi ntchafu ya nkhuku.

Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kugwira chord yathunthu ndi zala zitatu, njira imene amaitcha Fingered. Ndiye m'holo muja tinayamba kuziyesa ngati ng'ombe pa msika. C, F ndi G, zomwe zimanyamula nyimbo zathu zambiri, zonse ziwiri zinawerenga bwinobwino. Aphunzitsi anationetsa msampha wina: C6 ndi Am7 makiyi ake ndi amodzimodzi, C, E, G ndi A, ndiye makina amayang'ana kiyi yomwe ili pansi kuti adziwe chimene ukufuna. Ukasanja zala mosasamala, bezi imapita kwina kwaya ikupita kwina.

Pa nyimbo za m'buku, zija bezi imatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika phiri la Dedza atasenza nkhuni, pamafunika kuti bezi itsate chala chapansi. Yamaha imatero ukasankha Fingered On Bass, Korg ukayatsa Bass Inversion. Apa anafanana mphamvu, ndipo mlamu anakhumudwa poti ankayesa kuti n'zake yekha.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi njira ina ya pa Yamaha yotchedwa AI Fingered. Ukagwira makiyi awiri okha, imaganizira yokha chord yomwe ukufuna poyang'ana imene unagwira m'mbuyo. Wina wa ku Nsanje aziona ngati zachibwana. Koma imbani mapemphero a 6 koloko m'mawa mwezi wa July kuno, zala zitauma ngati chinangwa chofutsa, muona kuti chala chachitatu chimafika mochedwa. Mlamu anati Korg nayo ili ndi njira zake zowerengera makiyi ochepa, n'kuyamba kufufuza m'kati mwake. Akali kufufuza choncho munalowa amayi a kwaya ndi matsache, kudzasesa za mawa.

Ataona zida, anaponya matsache pansi n'kuyamba nyimbo yawo ya m'manja, ya kayendedwe ka chimtali. Aphunzitsi anathamangira Yamaha, mlamu Korg, aliyense kufuna kuonetsa. Anasanthula zamba zonse za m'makinamo: rege, rumba, samba, country, za ku Ulaya ndi ku America mazanamazana. Yoyandikirako inali ya 6/8, koma inkayenda ngati asilikali pa perete pamene amayiwo m'manja mukugwa patatu mapazi pawiri. Choipitsitsa, wotsogolera nyimbo akakoka mawu kuti anzake alandire, makina sankadikira. Iwo amangodziwa liwiro limene wawapatsa.

Gogo wina, amene wakhala m'kwayamo ine ndisanamere ndevu, anaimika nyimbo. "Aphunzitsi, ndi inu bambo a ku Joni, tazimitsani ng'oma zanuzo. Zikutiphonyetsa."

Kunali zii. Anazimitsa. Aphunzitsi anatsala ndi mawu a limba okha, kumatsata amayiwo pambuyo ngati mwana wotsata make ku chigayo, ndipo m'pamene nyimbo inakoma. Mlamu anakhala pa benchi n'kumaomba nawo m'manja.

Mlungu wotsatira ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kukagula Yamaha yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu wa aphunzitsi uja. Sindikuti iposa Korg ayi; ng'oma za mlamu ndimazisirira mpaka lero tikamaimba pabwalo. Ndinangosankha imene inamvana ndi dzanja langa lamanzere. Kunyumba kunalibe mtendere. Mayi anangoti, "Mvula ikabwera mudzafunde kiyibodiyo," ndipo kwa masabata awiri ndiwo zanga zinkabwera zopanda mchere.

Makiyibodi onse awiriwa amalola munthu kujambuliramo chamba chakechake. Ndinatha mwezi wathunthu usiku ulionse, mphwanga akuomba chidebe, ine ndikulowetsa kugunda kumodzikumodzi, mpaka chimtali chathu chinakhalamo. Chimagwira ntchito pa perekaniperekani, ndipo ndi chimene chinandipezera maukwati a ku Linthipe, ku Chimbiya mpaka ku Lizulu. Malata anakwera pa nyumba mu 2019, mvula imodzi itatinyowetsa kale. Khitchini ikadali ya udzu.

Mlamu ndi aphunzitsi akakumana pa benchi yanga amakanganabe za gitala ndi ng'oma, ogula kachewere ataima ndi ndalama m'manja. Lamulungu lapitali ndinayesanso kulowetsa chimtali changa chija pa nyimbo ya amayi, mwakachetechete, ndikuti mwina gogo uja sazindikira. Sitinafike n'pakati pomwe, anatembenuka n'kundiloza ndi chala.