Atambala awiri m'laputopu imodzi

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndakatulo zachikondi zipume kaye, tiwerengeko masamu. Tengani 7, mugawe pawiri. Mwapeza 3.5, eti? Koma mukafunsa kompyuta m'chinenero cha Python, yankho limatengera kuti mwafunsa Python uti. Python 2 amati 3, theka lija n'kulitaya. Python 3 amati 3.5. Kwa ife ogulitsa nyemba ndi mpunga, theka likasowa ndiye kuti ndalama yasowa.

Python ndi chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Anachiyambitsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo chinatuluka mu 1991. Mu 2008 kunabwera Python 3, yemwe pa zinthu zambiri samvana ndi mkulu wake. Ngakhale kupereka moni kunasintha: wakale ankalola print "Moni", watsopano amafuna print("Moni"). Mukamupatsa zachikale amangokana basi. Pa 1 January 2020 osamalira chinenerochi anasiya kukonza Python 2, koma mapulogalamu olembedwa kale sanafe tsiku lomwelo. Anthu akuwagwiritsabe ntchito.

Nanga zikutikhudza bwanji ife? Ambirife pakhomo laputopu ndi imodzi. Kwathu, kapulogalamu kosunga mayina a ondikongola ndi kakale, ka Python 2, pomwe maphunziro a mng'ono wanga amafuna Python 3. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Zoonadi, koma simupha tambala mmodzi ayi. Mumamanga khola lachiwiri.

Makolawo alipo, aulere. Pa Windows, mukaika ma Python onse awiri, mumaitana amene mukumufuna ndi dzina: py -2 kapena py -3. Pa Linux ndi Mac pali chida chotchedwa pyenv. Mukalowa mufoda ya ntchito yanu n'kulemba pyenv local 2.7.18, chimasiyamo kafayilo kotchedwa .python-version. Kuyambira pamenepo, m'fodamo amalira ndi tambala wakaleyo, kwina konse watsopano.

Palinso venv, yomwe imabwera ndi Python 3 kuyambira pa 3.3. Iyi imapatsa ntchito iliyonse malo akeake osungira zida zowonjezera, kuti zomwe waika mnzako zisasokoneze zako. Zili ngati thumba la nyemba za phalombe ndi la nyemba zoyera: benchi ndi limodzi, koma ukangosakaniza, tsiku lonse lithera posankha.

Chenjezo langa ndi ili: Python amene munamupeza kale m'kompyuta ya Ubuntu musamuchotse poganiza kuti mukusesa m'nyumba. Zida zina za kompyutayo zimadalira iyeyo, ndipo mukamuchotsa nazonso zimaima.

Komabe musamve ngati ndikuti wakale akhale mpaka kalekale. Python 2 ali ngati nyumba yomwe mwini wake anasiya kufolera: ikayamba kudontha, wokonza palibe. Khola lachiwirilo ndi lokupatsani nthawi yosamuka mosathamanga. Ndipo tsiku losamutsa kaundula wa ngongole, tengani kope ndi cholembera, muyese masamu angapo pamanja, makamaka ogawa. Ngati kope ndi kompyuta sizikugwirizana, musapite kukalonjerera munthu ngongole.

Inu amene mumabwerekana laputopu pakhomo, mumatani kuti ntchito zisalowererane? Tiuzeni m'munsimu.